Mawanga pa Mkono wa Asisi

Banga loyamba ndinaliona Loweruka lina m'nyengo yozizira, asisi akundiluka tsitsi pakhonde la nyumba yawo kukomboni ya Kalingalinga. Ndinali nditakhala pansi pakati pa miyendo yawo, mutu atandipendeketsa, ndipo mkono wawo unkadutsa pafupi ndi maso anga nthawi iliyonse akafuna chipeso. Mkati mwa mkonowo, pamwamba pang'ono pa chigongono, panali banga lalikulu ngati chikhatho cha khanda, lakuda pakati, lofiirira m'mbali. Asisi anali oyererako khungu kuposa tonse kwathu, moti chilichonse chinkaonekera pa iwo. Nditafunsa kuti atani, anayang'ana mkonowo ngati wa munthu wina, n'kunena kuti mwina anadzigunda pachitseko. Kenako anandibweza mutu n'kupitiriza kuluka.

Nthawi imeneyo ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, nditangomaliza sekondale, ndikukhala ndi amayi ku Mtendere. Asisi anandiposa ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo kunena zoona ndi iwo anandilera, chifukwa amayi ankalawira kukaoda ndiwo zamasamba kumsika wa m'tauni n'kubwera dzuwa litapendeka. Asisi ndiwo ankandisambitsa, ndiwo anandiperekeza tsiku loyamba kusukulu, ndiwonso anandiuza zochita nditatha msinkhu. Atakwatiwa ndinkapita kwawo wapansi Loweruka lililonse. Ndinkanamizira tsitsi, kapena kukaona kamwana kawo kakakazi ka zaka ziwiri, koma chenicheni chinali chakuti m'nyumba mwathu munada iwo atachoka.

Alamu ankawotcherera zitsulo m'mbali mwa msewu, momwe muli mashedi a anthu opanga mageti ndi mafelemu a mawindo. Anali ochokera kuchigawo cha migodi cha Copperbelt, aatali, a manja akuluakulu odzaza ndi tizipsera ta moto, ndiponso osalankhulalankhula. Chinyanja chawo chinali chosakanikirana ndi Chibemba, ndipo pamaso pa amayi chinkawathera, ankangoyang'ana pansi ndi kupukusa chipewa m'manja. Amayi sanadane nawo, koma sanawazolowere. Ankati sakhulupirira mwamuna amene sanamumvepo akukweza mawu, chifukwa sadziwa kumene amakatulira mkwiyo wake.

Mawu akuti chitseko aja ndiwo anandibaya mtima ndikubwerera kunyumba. Kwathu chitseko chinali ndi mbiri. Atate, asanatithawe ndili ndi zaka khumi, ankawamenya amayi, ndipo m'mawa mwake amayi ankauza anansi kuti adzigunda pachitseko kapena aterereka pampopi. Ine ndi asisi tinakula tikudziwa mikwingwirima kuposa mmene ana ayenera kuidziwira. Tinkadziwa kuti tsiku loyamba pamatupa, pamafiira ndi kutentha, pakatha masiku awiri pamada bii, ndipo sabata ikamatha m'mbali mumayamba kubiriwira, kenako chikasu, kenako n'kuzimiririka. Asisi ndiwo ankanyowetsa kansalu m'madzi ozizira n'kuwaika amayi pamkono, ine nditagwira beseni. Tinkatha kuyang'ana mkono wa amayi n'kudziwa kuti atate analedzera liti.

Choncho nditafika ndinawauza amayi zimene ndinaona. Anali akusankha tinsomba ta kapenta m'lichero. Anasiya, n'kundifunsa kawiri ngati ndinaonetsetsa, ndipo ndinati eya.

Patapita masabata awiri asisi anabwera ku Mtendere ndi diresi imene anagula pa salaula, pogulitsira zovala zakaunjika, kuti amayi awachepetsere m'chiuno. Atavula bulauzi m'chipinda, amayi anawagwira paphewa n'kuwatembenuzira kuwindo. Kumsana kunali mawanga awiri, lina pantchafu, lina lakale lachikasu panthiti. Asisi eniake anadabwa nawo a kumsanawo, anati sanali kudziwa kuti alipo. Anatinso masiku amenewo ankangotopa, moti akaluka mutu umodzi ankafuna kugona, ndipo thupi linkatentha madzulo ngati malungo. Amayi sanamve n'komwe za kutopazo. Anamanga chitenje, n'kundiuza kuti ndivale nsapato.

Tinawapeza alamu atawerama pa geti lina, moto ukuthetheka. Atationa anazimitsa makina n'kukweza magalasi akuda pamphumi. Amayi sanawapatse moni. Anawalalatira pamaso pa anzawo antchito, pamaso pa amayi ogulitsa vitumbuwa, pamaso pa aliyense wodutsa. Anati iwo anawapatsa mwana wamoyo, osati chitsulo choti azimenya ndi hamala. Alamu anaima manja ali lende, nkhope itachita ngati sakumva chinenerocho. Amayi atapuma, iwo anangoti chapansipansi, "Amai, ine sininamugwirepo mukazi wanga." Anzawo ena anayang'ana kumbali. Ine ndinali kumbuyo kwa amayi nditapinda manja, ndipo ndimakumbukira bwino kuti ndinkadzimva ngati munthu wolimba mtima amene wapulumutsa mbale wake.

Tsiku lomwelo tinakatenga zovala za asisi ndi za mwana. Asisi anakana, analira, koma analibe mphamvu zolimbana ndi amayi. Atakhala pamphasa kunyumba anati, "Amai, nikuuzani vazoona, sibamanimenya."

Amayi anayankha kuti nawonso ananena mawu omwewo zaka khumi ndi chimodzi, ndipo palibe anabwera kudzawatenga.

Anakhala nafe masabata atatu. Tsiku lililonse alamu akaweruka, dzuwa lisanalowe, ankabwera kudzaima pageti lathu. Getilo anatipangira iwo omwe chaka chimene anakwatira asisi, ndipo ankadziwa bwino kuti limatseguka ukangokweza pang'ono, koma sanalikhudze. Ankabwera ndi kapulasitiki, lero malalanje, mawa buledi, tsiku lina chiwindi chifukwa wina anawauza kuti chimawonjezera magazi. Amayi anawaletsa kulowa mpaka akulu a mbali zonse atakhala pansi. Ine ndinkatumidwa kukalandira kapulasitikiko. Ndinkakalandirira pamwamba pa geti, osapereka moni, osawayang'ana kumaso. Kamwana kankathamangira kumeneko n'kulowetsa timanja pakati pa zitsulo, ndipo iwo ankanjuta n'kumakalankhula Chibemba chapansipansi mpaka amayi ataitana. Mbiri inali itafala kale. Kutchalitchi kwawo anawapumitsa ntchito yolandira alendo pakhomo, ndipo amayi ena amene ankawapatsa moni m'njira anayamba kuwadutsa chete.

Koma mawanga sanasiye kubwera. Ndinkagona bedi limodzi ndi asisi, ndinkawaona akamasamba, ndipo ndinkadziwa kuti palibe dzanja lawafika. Akale ankasanduka achikasu, atsopano n'kutulukira pena. Poyamba ndinkadziuza kuti mwina ndi akale omwe achedwa kuonekera. M'miyendo munatuluka timadontho tofiira ngati mwawazidwa tsabola. Akatsuka mano ankalavula magazi. Mayi wina woyandikana nafe anati zimenezo ndi ziwanda zomenya munthu kutulo, ndipo anabwera ndi anzake awiri kudzapemphera, koma m'mawa mwake tinapeza banga lina pamimba.

Tsiku lina asisi anachita chizungulire akuchokera kubafa. Ndinawagwira pamkono kuti asagwe, n'kuwakhazika pampando. Sindinawafinye, ndinangowagwira mmene munthu amagwirira mnzake. M'mawa mwake akuvala ndinaona mawanga anayi atandandalika pamkonopo, ndi limodzi kuseri. Ndinaika dzanja langa pamenepo, ndipo chala chilichonse chinagwera pa banga lake.

Ndinaitana amayi n'kuwaonetsa, dzanja langa lili pomwepo. Anayang'ana kwa nthawi yaitali. Kenako anatuluka panja n'kukakhala pafupi ndi mbaula yozima. Asisi sanatidzudzule. Anangondiyang'ana ndi maso otopa n'kundipempha kuti ndikawaitane amuna awo.

Ulendo wa ku Kalingalinga umene ndinazolowera unanditalikira tsiku limenelo. Njira yonse ndinkakonza mawu opepesera, koma nditafika pashedi ndinangonena kuti asisi akudwala, mawanga akubwerabe, ndipo akuwafuna. Alamu sanandifunse kanthu. Anavula ovololo, anasamba m'manja ndi madzi a m'chigubu, n'kuimitsa galimoto ya mnzawo. Titafika kunyumba anaimabe pageti mpaka amayi eniake atabwera kudzatsegula.

Kukiliniki ya m'komboni anawatenga magazi, ndipo zotsatira zitatuluka anatilembera kalata yopita kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo. Kumeneko anawagoneka, anawatenganso magazi, ndiponso anawaboola fupa la m'chiuno kuti aone za m'kati. Patapita masiku angapo dokotala wina wamkazi, wachikulire, wovala magalasi olendewera pachingwe, anatiitanira m'kachipinda ine, amayi ndi alamu. Asanayambe n'komwe, amayi anamufunsa mosazungulira ngati mawangawo angakhale a kumenyedwa.

Dokotalayo anatenga mkono wanga kuti afotokozere. Anati pansi pa khungu la munthu aliyense pali timitsempha ta magazi tating'ono kuposa tsitsi. Munthu akagundidwa ndi chinthu chosacheka, khungu limatha kukhala lathunthu koma timitsemphato n'kusweka, magazi n'kukhuthukira m'mnofu. Popeza alibe potulukira amakhala momwemo, ndipo ndi amene timawaona ngati banga. Kutupa ndi kuwawa kumabwera chifukwa cha magazi ndi madzi amene asonkhana pamalopo. Mitundu imene imasinthasintha ija ndi thupi likuphwanya magazi akalewo pang'onopang'ono n'kumawachotsa. Anati mwa munthu wabwinobwino m'magazi muli tizidutswa tina timene timathamangira pamene pasweka n'kutsekapo msanga, n'chifukwa chake tikadzigunda pang'ono sipaoneka kanthu. Tizidutswato timapangidwa m'kati mwa mafupa. Mwa asisi, m'mafupamo munali mutalowa khansa ya m'magazi, ndipo tizidutswa totsekato tinali titatsala tochepa kwambiri. Lamba wa siketi, m'mphepete mwa bedi, ngakhale mwana kuwakwera pamsana, zinali zokwanira kusiya banga lalikulu ngati la chibonga.

Anawonjezera kuti amayi sanalakwe kufunsa, chifukwa iye amaona akazi ambiri obwera ndi mikwingwirima yeniyeni ya manja a amuna awo, ndipo ambiri amabisa. Koma awa, anatero, si amenewo.

Titatuluka, alamu anakhala pabenchi la m'khonde atagwira mutu. Anthu anali pikitipikiti, ena ndi mabeseni, ena akukankha odwala. Amayi anaima pang'ono, kenako anapita n'kugwada pansi patsogolo pawo. Mpongozi wamkazi kugwadira mkamwini pagulu, ine ndinali ndisanaonepo. Alamu anadzidzimuka, anatsika pabenchi n'kugwada nawonso, moti onse awiri anali pasimenti, anthu akuwalambalala. 

"Nyamukani, amai," anatero alamu. "Munali kuteteza mwana wanu. Na ine wanga nikamuona na vimenevi, nizachita chimodzimodzi."

Ine ndinaima patali nditanyamula fulasiki. Ndinadziwa kuti nanenso ndiyenera kupita pamenepo, popeza ndine ndinayambitsa, koma sindinapite.

Asisi anakhala miyezi isanu ndi iwiri akulowa ndi kutuluka m'chipatala. Mankhwala anawathothola tsitsi lonse, iwo amene theka la akazi a mumsewu mwawo ankayenda ndi mitu yolukidwa ndi manja awo. Ankamanga kaduku kobiriwira n'kumati tsopano apumula ku chipeso. Alamu anapereka magazi kangapo, anabweretsanso anzawo a pashedi, omwe aja anayang'ana kumbali tsiku lija, n'kudzapereka nawo. Anaphunzira kuwanyamula asisi ndi mikono yonse, manja atatambasula, kuti zala zisasiye chizindikiro. Anakulunga nsanza m'makona a bedi ndi a tebulo kunyumba kwawo. Kamwana anakaphunzitsa kuti amama sakumbatiridwa mothamanga, ndipo kankabwera pang'onopang'ono ngati kanyamula dzira, n'kutsamiritsa mutu pachifuwa chawo.

Panali masiku abwino. Ndimakumbukira masana ena a mwezi wa Okutobala, kukutentha, magetsi atazima komboni yonse. Asisi anali atatulutsidwa kwa sabata ziwiri ndipo anali ndi chilakolako cha chinangwa chootcha ndi mtedza. Ndinayenda mpaka ku Kalikiliki kukachifuna. Tinakhala pamthunzi kuseri kwa nyumba, iwo atatsamira khoma, ndipo anadya tizidutswa tiwiri tokha, chotsalacho n'kundipatsa. Anandifunsa za mnyamata amene ndinkacheza naye, n'kundiuza kuti ndisafulumire, ndiyambe ndapita kukoleji. Anandiuzanso kuti amayi ndisamawasiye okha Lamlungu masana, chifukwa ndi nthawi imene amaganiza kwambiri. Ndinafuna kutchula za masabata atatu aja. Nditangoyamba anandigwira pakamwa ndi zala zawo zozizira n'kunena kuti ndiwathandize kuimirira, msana wawawa.

Anamwalira m'nyengo ya mvula, m'mawa wa Lachiwiri, alamu ali pambali pawo. Ine ndinali m'minibasi ndi phala limene anapempha dzulo lake. Msewu unali utadzaza madzi ndipo tinaima nthawi yaitali pamalo amodzi. Nditafika ndinapeza bedi atalitchinga ndi makatani.

Maliro atatha, achibale ena a amayi ananena kuti mwa mwambo wathu mwana ndi wa kuchikazi, choncho atsale ku Mtendere. Amayi anakana. Anati anamulanda kale kamodzi bamboyo mwana wake, sadzachitanso. Alamu anakhalabe ku Kalingalinga chaka chimodzi, akubwera naye mwanayo kwathu Lamlungu lililonse. Kenako anati m'nyumbamo simukukhalika, n'kubwerera kwawo ku Copperbelt, kumene alongo awo akanawathandiza kulera. Tinawaperekeza kokwerera mabasi. Amayi analira, ine ndinanyamula chikwama cha mwana, ndipo ngakhale apo ndinangoti ayende bwino.

Papita zaka khumi ndi chimodzi. Ndinapita kukoleji monga anandiuzira asisi, ndipo tsopano ndimaphunzitsa ana aang'ono kusukulu ina ku Chawama. Ana amagwa tsiku lililonse, amabwera akulira ndi zotupa pamphumi, ndipo ndimawaika kansalu kozizira n'kuwauza kuti pada kaye pasanapole. Mwana akabwera ndi banga limene sakudziwa chiyambi chake, ndimafunsa, chifukwa ena amamenyedwadi kunyumba. Koma ndimafunsanso ngati amatopa, ngati m'kamwa mumatuluka magazi, ndipo ndimalembera makolo kuti apite naye kukiliniki. Pali zambiri zimene ndimafuna kuwauza asisi. Nthawi zina ndikatsika basi ndimapezeka ndaima pamphambano yopita ku Kalingalinga, ngati kuli wina amene akundidikira kumeneko.

Disembala wapitayu ndinapita koyamba kukawaona alamu kwawo. Anakwatiranso, mkazi wabwino amene anandilandira ngati mlamu wake weniweni, ndipo ali ndi ana ena awiri. Mutu wawo wayamba imvi. Tsiku lachiwiri masana tinatsala awiri pakhonde, ndipo ndinanena zimene ndinalephera kunena zaka zonsezi: kuti ndine ndinakauza amayi, kuti ndinkalandira malalanje awo ngati ndikulandira kwa wakuba, ndiponso kuti ndinawadyera masabata atatu pa miyezi yochepa imene inawatsalira ndi mkazi wawo.

Anati zoti ndine ndinanena ankadziwa kuyambira tsiku loyamba. Anandiuzanso chinthu chimene sindinkadziwa. Masiku onse amene asisi anali kwathu, amayi akapita kumsika ine n'kupita kukatunga madzi, asisi ankawaimbira foni, ndipo ankacheza mpaka atamva geti likulira. Ankakambirana za mwana, za denga limene linkadontha, za mtundu wa penti woti adzapake pabalaza. Anati kunyumba sankacheza choncho chifukwa aliyense ankakhala wotopa ndi ntchito, moti masiku amenewo anali ngati abwerera pachibwenzi. Sindikudziwa ngati ananena zimenezi pofuna kundipepuza mtima, koma ndinazilandira.

Tili pomwepo mwana wa asisi anabwera kuchokera kogula sopo. Ali ndi zaka khumi ndi zinayi tsopano, wamtali ngati atate wake, ndipo amalankhula Chibemba chokhachokha, Chinyanja amangomva. Anakhala pambali panga n'kunena kuti zithunzi za amayi ake ali nazo, nkhope akuidziwa, koma pali chimodzi chimene palibe anamuuzapo. Anafuna kudziwa kuti amayi ake ankaseka bwanji.

Ndinati ankayamba mwakachetechete, mapewa okha akugwedezeka, kenako mawu n'kutuluka mochedwa, okwera, ngati munthu wobanika. Mwanayo anati ndimuonetse. Ndinayesa, koma chimene chinatuluka chinali ngati nkhuku yotsamwa, ndipo iye anagwa nako kuseka. Alamu anapukusa mutu n'kunena kuti sizinali choncho ngakhale pang'ono. Anakonza pakhosi, anagwedeza mapewa awo akuluakuluwo, n'kuyesa nawonso. Analephera kuposa ine. Tinayesa mosinthana kangapo, wina akukonza mnzake, mpaka mkazi wawo anasuzumira pawindo kudzaona chimene chachitika. Kenako tonse awiri tinasiya n'kumayang'ana kumsewu, mwanayo akudikirabe kuti wina ayesenso.